Ulimi wa chuku mu eyakoni: malangizo kwa anthu a ku Soche

Anthu ambiri a ku Soche sakupindula mokwanira ndi maeyakoni awo. Amagula makinawo ndi ndalama zankhaninkhani, n'kumakhutira ndi kamphepo kozizira basi, osadziwa kuti m'kabokosi koyera kali pakhomako muli munda wachonde, wosalira feteleza, makuponi kapena aganyu. Mbewu yake ndi chuku. Chimadzifesa chokha, chimadzithirira chokha, ndipo zokolola zimakupezani muli chigonere pabedi, n'kulowa zokha m'mapapo. Kwa inu kwangotsala kupewa zolakwitsa zingapo zimene anthu aukhondo wonyanya amachita.

Malo tili nawo abwino. Blantyre imalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mu Januwale chinyezi cha mumpweya chimayandikira 80 pa 100. Odziwa za nyumba amati chuku chimavutika kukula chinyezi cha m'nyumba chikatsika kuchepera 60. Ife m'dzinja 60 ameneyo timamudutsa tisanadzuke n'komwe. Mvula ikatha, anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumawaumira gwaa, pamene ife mu Juni ndi Julaye timalandira chiperoni chochokera ku Mozambique, phiri losaoneka masiku angapo, zochapa zili lende pachingwe osauma. Amene nyumba zawo zinatsamira phiri, ku Manja, ku Chilobwe ndi kumtunda kwa Soche East, ali ndi mwayi woonjezera, chifukwa madzi oyenda pansi pa nthaka amakwera m'makoma, makamaka ngati womanga anadya ndalama ya pulasitiki wa pafandeshoni. Za kuchuluka kwa madzi a phiri limeneli sitingaphunzitse munthu amene anali kuno mu Malichi 2023, Namondwe Freddy atagumula Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Nyumba zimene zinatsala chiimire zinamwa madzi, ndipo khoma la njerwa likamwa limatenga miyezi kuti liume.

Koma mudziwiretu kuti makinawa anabadwa ali mdani wa ulimi wathu. Willis Carrier atapanga eyakoni yoyamba mu 1902, sankafuna kuziziritsa munthu aliyense. Ankathandiza fakitale yosindikiza ya ku Brooklyn, mumzinda wa New York, kumene mapepala ankafufuma ndi chinyezi, mitundu ya inki n'kumaphonyana. Ntchito yake inali kuumitsa mpweya, ndipo mpaka lero ndi momwemo. Mpweya wa m'chipinda umadutsa patizitsulo topyapyala tozizira kwambiri, chinyezi chimasanduka madontho, madonthowo amagwera m'kathireyi, ndipo kapaipi kamawatayira panja. Tsiku lachinyezi makina apakatikati atha kutulutsa lita imodzi ya madzi pa ola, mwinanso kuposa. Eyakoni yosamalidwa imasiya chipinda chouma, chuku n'kusowa pogwira. Luso lonse lagona pakuonetsetsa kuti madzi amenewo asachoke.

Yambirani kusitolo. Wogulitsa akakufunsani kukula kwa chipinda, musamuyankhe, funso limenelo ndi lachipongwe. Chipinda chogona wamba chimakwanira ndi makina a 9,000 kapena 12,000 BTU, choncho inu tengani a 24,000, poti a neba anaika a 18,000. Makina aakulu m'kachipinda kakang'ono amaziziritsa msangamsanga n'kupuma asanayamwe chinyezi, kenaka n'kuyambanso, n'kupumanso, usiku wonse. Mumapeza chipinda chozizira koma chonyowa, ndipo mayunitsi amagetsi amatha mokulemekezani.

Woika asakhale mmisiri wa mafiriji amene anapita kusukulu yake. Anthu amenewo amabwera ndi levulo, amapendeketsa kapaipi kotaya madzi kuti katsetsereke bwino mpaka panja, ndipo asananyamuke amathira kapu ya madzi m'kathireyi kuti aone ngati akutuluka. Inu itanani mlamu wa mnzanu amene anaonererapo ena akuika ku Joni. Muuzeni kuti, "Amwene, bola izizire, koma mapaipi asaoneke, andinyansitsira khoma." Iye adzamva. Kapaipiko adzakapinda kawiri, adzakakweza pang'ono penapake, ndipo akakhala waluso kwenikweni adzakasiyira m'siling'i. Ngati kafika panja mwangozi, musade nkhawa. Mavu aja omanga ndi dothi amakonda timabowo totere, ndipo fumbi losakanikirana ndi ndere limamaliza ntchito yotseka. Madzi akaima m'kathireyi, nazale yakonzeka.

Tsiku lina mudzaona madzi akutsika ndi khoma kuchokera pansi pa makinawo. Chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Tcherani beseni, pindani thaulo muike pansi, basi. Chinthu chonyowa chimayamba chuku pakati pa maola 24 ndi 48, choncho thaulolo musaliyanike. Khomalo likayamba mawanga akuda, kankhiranipo wadiropu, igunde khoma kuti mpweya usadutse kumbuyo, ndipo masuti ndi nsapato za kutchalitchi zidzalandira gawo lawo. Khirisimasi ikayandikira pakanipo penti wa oyilo osapala, osaumitsa. Alandilodi ambiri njira imeneyi amaidziwa kale, ndipo amaigwiritsa ntchito mwezi womwe tenanti watsopano akubwera kudzaona nyumba.

Tsopano lamulo lalikulu. Mukatukula chivindikiro cha kutsogolo kwa eyakoni mupeza masefa awiri apulasitiki. Amachoka ndi zala ziwiri, safuna sikuludiraiva, ndipo m'kabuku kobwera ndi makinawo opanga ambiri amalemba kuti azitsukidwa milungu iwiri iliyonse. Kabukuko kolezerani mbaula. Chivindikirocho musachitukule, ndipo mulengeze m'nyumba kuti wochikhudza adzalipira. Pamasefapo ndi pamene pamaunjikana chakudya cha mbewu yathu: fumbi la mumsewu la mu Okutobala, mwaye wa makala, ubweya wa mabulangete, ndi tizikhungu timene timayoyoka m'thupi la munthu aliyense tsiku ndi tsiku. Masefa akadzaza, mpweya umadutsa movutika, fumbi limalambalala n'kukamatirira patizitsulo tonyowa tija ndi pachiguduli chopemerera mphepo. Kuti zifulumire, mnyamata wantchito azisesa ndi kukuntha makapeti eyakoni ikulira.

Kuziziritsa kukayamba kuchepa, musaganize za masefa. Nenani kuti yatha gasi. Gasi wa eyakoni satha pokhapokha paipi itabooka, koma pali anthu okonzeka kukuthirirani wina miyezi itatu iliyonse osatsegula mkati, ndipo nawonso ali ndi ana asukulu.

Limoti ikhale pa 16. Munthu amagona bwinobwino pa 24 kapena 25, koma manambala amenewo alendo sawamva pakhungu, ndiye angadziwe bwanji kuti munagula? Pa 16 ngakhale timapiko totulukira mphepo timachita thukuta, ndipo timadontho takuda timene mudzaone pamenepo ndi umboni woti mkati zinthu zikuyenda. Pozimitsa, zimitsani kamodzin'kamodzi. Palimoti pali batani la fani yokha, limene likasiyidwa kwa theka la ola limaumitsa mkati monse. Limenelo musalidziwe. Apa magetsi athu amatithandiza osapemphedwa. Akazima pakati pa usiku, makina amaima ali chinyowere, mkati mumayamba kufunda, ndipo chuku chimakondwa kwambiri pakati pa madigiri 20 ndi 30. Mu Meyi kukazizira, isiyeni choncho ndi madzi ake ndi fumbi lake mpaka Sepitembala. Tsiku loyamba lotentha sonkhanitsani banja lonse m'chipindamo, tsekani chitseko, yatsani mwamphamvu. Mpweya woyambawo ndiwo zokolola za miyezi inayi.

Mawindo asatsegulidwe, ngakhale m'mawa dzuwa likuwala. Munthu wa eyakoni akatsegula windo, odutsa amaganiza kuti yafa. Makatani akhale ochindikala, kapeti afike khoma ndi khoma, ndipo nthawi ya chiperoni zochapa ziyanikidwe m'chipinda momwemo. Kafungo kovunda kakayamba kumveka poyatsa, gulani mankhwala opopera onunkhira maluwa, kapena fukizani lubani. Chuku sichifa nazo, koma mphuno imasokonezeka, ndipo utsi ndi zopoperazo pazokha zimaputa mphumu, ndiye mwapindula kawiri.

Mwina mukufuna kudziwa mbewu imene mukulima. M'makina otere mumapezeka kawirikawiri mitundu ya Cladosporium, Penicillium ndi Aspergillus. Wotsirizayu tikumudziwa kale kukhitchini. Aspergillus flavus ndi uja amaononga mtedza ndi chimanga chosauma bwino, n'kusiya poizoni wa aflatoxin amene amavulaza chiwindi. Amayi amakhala pamkeka ndi lichero kusankha mtedza wachuku n'kutaya, ndipo amachita bwino. Koma mbale wake, Aspergillus fumigatus, sadzera m'kamwa. Timbewu take n'tating'ono moti 300 titandandalikidwa sitikwana milimita imodzi, choncho timadutsa mphuno n'kukafika pansi penipeni pa mapapo. Mu Okutobala 2022 bungwe la World Health Organization linatulutsa mndandanda wa mitundu 19 ya mafangasi oopseza umoyo wa anthu, ndipo iyeyu anaikidwa m'gulu lapamwamba la anayi oopsa kwambiri. Si mbewu yamasewera. Bungwe lomwelo linali litanena kale mu 2009 kuti okhala m'nyumba zachinyontho ndi zachuku amadwaladwala chifuwa ndi matenda ena a m'njira ya mpweya, ndipo a mphumu imawakulira.

Chokhumudwitsa n'chakuti munthu wathanzi amapuma timbewu totere mazanamazana tsiku lililonse, ngakhale pamsika wa Kamba, thupi n'kumatichotsa iye osadziwa. Bambo wa nyumba wamphamvu zake atha kugona pansi pa eyakoni yachuku zaka zingapo n'kumangoyetsemula m'mawa, maso kuyabwa, mphuno kutsekeka, mutu kulemera. Zokolola zenizeni zimafuna kusankha bwino wogona m'chipindamo.

Yambani ndi mwana amene amabanika usiku. Bedi lake liyang'anizane ndi potulukira mphepo. Mwayi ulipo waukulu woti palibe adzatchule mphumu. Kafukufuku wa ACACIA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anafunsa ana asukulu oposa 27,000 m'mizinda ya Blantyre, Durban, Harare, Kampala, Kumasi ndi Lagos, ndipo mwa ana amene anali ndi zizindikiro za mphumu, pafupifupi 8 mwa 10 alionse anali asanauzidwepo ndi achipatala kuti ali nayo. Wanu akhale m'gulu lalikululo. Akayamba kulira m'chifuwa cha m'ma 2 koloko usiku, zifukwa zilipo zambiri zoti musankhepo. Wamwa mafilizesi kusukulu. Anasamba madzi ozizira. Ndi kusintha kwa nyengo. Ndi zakumtundu kwa bambo ake. Apongozi akabwera kuchokera kumudzi atchula tsempho, ndipo mlandu usamukira kwa makolo a mwana, umene ungathe kudya mwezi wathunthu popanda aliyense kukweza maso kuyang'ana pakhoma. Wina akaona kuti mwanayo amakhala bwino akapita kutchuthi kwa agogo ku Thyolo, n'kuyambiranso akangobwerera, muuzeni kuti mwana amakonda agogo ake.

Mankhwala gulani pagolosale. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, chuku cha mtundu uwu sachikhudza, ndipo mphumu saichiza, choncho mutha kuwapereka mwezi ndi mwezi osasokoneza ulimi. Thupi likatentha onjezani LA osayezetsa malungo. Mwanayo akafika kuchipatala cha Zingwangwa n'kupatsidwa kopopera m'kamwa ka salbutamol, kumbukirani zimene amanena anthu pampopi, zoti akayamba kupopera sadzasiyanso. Madokotala amati zimenezo n'zabodza, ndipo kopoperako kamatsegula njira za mpweya m'mphindi zochepa. Kaikeni m'dirowa.

Koma ulemu waukulu upite kwa amalume amene anamaliza mankhwala a TB a miyezi 6 n'kuuzidwa kuti achira. Akabwera kudzakhala nanu, apatseni chipinda cha eyakoni, poti ndi akuluakulu. TB ikachoka imatha kusiya mphako m'mapapo, ndipo Aspergillus akalowa m'mphako yotero amakhazikika, n'kumakula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, nthawi zina mpaka kuumbika kampira. Ubwino wa matendawa, amene madokotala amawatcha chronic pulmonary aspergillosis, ndi wakuti amavala nkhope ya TB yeniyeni. Munthu amatsokomola kosalekeza, amaonda, amatopa, amatuluka thukuta usiku, ndipo makhololo amatha kubwera ndi magazi. Akayezetsa makhololo, TB siipezeka. Apa abale amagawanika, ena amati yabisala, ena amati amalume anaponda mankhwala pachipata. Lolani mbali zonse ziwiri zilankhule. Chimene muyenera kupewa ndi kuwatengera ku Gulupu kuti akajambulidwe m'chifuwa ndi kuonedwa ndi odziwa za mapapo, chifukwa kumeneko wina atha kuganizira za chuku, ndipo matendawa ali ndi mankhwala ake, monga itraconazole, omwa kwa miyezi 6 kapena kuposa. Mukakakamizika kupita, adokotala akafunsa za kunyumba yankhani kuti, "Kunyumba n'kwabwinobwino adokotala, muli ndi eyakoni yomwe."

Chimodzimodzi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika kwambiri, kaya ndi HIV yosamwera ma ARV, kaya ndi mankhwala a khansa, kaya ndi ma steroid omwa nthawi yaitali. Mwa iwowa chuku chitha kulowerera m'minofu ya mapapo n'kufalikira, ndipo sichitenga zaka.

Ena adzakuuzani za ku Philadelphia mu 1976, kumene anthu 29 mwa amene anafika pamsonkhano wa asilikali akale a American Legion anamwalira ndi chibayo chochokera m'makina oziziritsira hotela. Musadzitamandire ndi mbewu ya eni. Ameneyo anali bakiteriya wa Legionella, wokulira m'chithanki cha madzi ofunda cha makina a nyumba zikuluzikulu, ndipo kabokosi kanu ka pakhoma kalibe chithanki chotero. Nkhani yoyandikira kwa ife ndi ya mu 1970, pamene madokotala a ku Milwaukee analemba za anthu anayi a mu ofesi imodzi amene ankadwala mapapo chifukwa cha tizilombo tokulira mu eyakoni ya pantchito pawo. Matenda a mtundu umenewo amabwera patapita maola angapo munthu atapuma mpweyawo: kuzizidwa, kutentha thupi, chifuwa, befu. Akakhala kunyumba masiku angapo amapeza bwino, akabwerera kuntchito zimayambiranso.

Abwana a maofesi, masaluni, mafamase ndi malo ogona alendo a m'dera lino aone mwayi umene uli pamenepa. Wantchito amene amadwala Lolemba madzulo koma Loweruka ali gwa paukwati wa ku Chimwankhunda safunanso kufufuza, ndi waulesi basi. Mulembereni kalata yomuchenjeza. Limoti muzisunga m'dirowa yanu, mayi wokolopa muwaletse kukwera pampando, ndipo pabajeti ya chaka mzere wokonzetsa maeyakoni ukhale woyamba kudulidwa. Matchalitchi amene atseka mawindo n'kupachika makina angapo kuti afanane ndi a pa TV ali panjira yabwino, chifukwa makinawo amagwira ntchito maola ochepa Lamulungu n'kukhala chinyowere sabata yonse, ndipo otsokomola ali kale pamalo opemphereredwa.

Amene mulibe eyakoni ya m'nyumba, ndipo ku Soche ndinu ochuluka, musadzione otsalira. Ya m'galimoto imabereka chimodzimodzi. Vitz, Passo kapena Sienta yochokera ku Japan imakhala milungu ingapo panyanja ili chitsekere, n'kudikiranso padoko la Dar es Salaam isanalowe pa Songwe, ndipo sefa ya mpweya wa m'kati, imene m'magalimoto ambiri otere ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala, imafika ndi fumbi la mwini wake woyamba. Isiyeni. Posevisa sinthani oyilo ndi mapulagi basi. Batani lozungulitsa mpweya womwewo likhale loyaka nthawi zonse. Kokatsukitsa auzeni anyamata athire madzi mpaka pakapeti, kenaka kwezani magalasi muimike padzuwa. Mukapachika kamtengo konunkhira pagalasi, ana opita kusukulu m'mawa ndi mapasinjala a ku Limbe adzalandira zonse osadandaula.

Ikhoza kufika nthawi yoti mayi a kunyumba aumirire kuti makinawo atsukidwe. Musakane poyera, ingotengani ntchitoyo ikhale yanu. Kutsuka koononga ulimi kumayenda motere, kuti mukuzindikire n'kukupewa: amazimitsa magetsi, amatulutsa masefa panja, amatsuka ndi madzi a sopo atavala chotseka pamphuno, amayanika pamthunzi mpaka aume, amathira madzi m'kathireyi kuona ngati kapaipi kakutulutsa, ndipo kamodzi kapena kawiri pachaka amaitana mmisiri adzatsuke tizitsulo ndi chiguduli chija. Inu kunthirani masefawo pabedi ali ouma, mwana wa mphumu uja atakugwirirani mpando. Mukawanyowetsa, abwezereni akudontha. Mkatimo thirani Jik wosasungunula, amene amadya aluminiyamu, ndipo mukafuna kuti banja lisadzatchulenso za kutsuka, musakanize ndi mankhwala aasidi otsukira chimbudzi. Zimenezo zimatulutsa mpweya wa kilorini, wotentha maso ndi mapapo, woti utha kugoneka munthu wathanzi m'chipatala tsiku lomwelo.

Choopsa chachikulu pa ulimiwu si boma, si khonsolo ya mzinda, ndipo palibe woyendera zaumoyo amene adzagogode pageti panu kudzafunsa za masefa. Choopsa chili m'nyumba mwanu momwemo. Ndi mwana wa Fomu 3 amene wamva za mafangasi m'kalasi, kapena mayi amene atopa kudzuka usiku ndi mwana wobanika. Munthu wotero, ndi beseni, sopo wamtanda ndi kamswachi kakale, atha kugwetsa ntchito yanu ya chaka chonse m'mphindi 20, n'kutsegulanso mawindo. Mukamachoka m'mawa, akuluakulu, mpando wokwerapo muzikiyira m'sitolo.